Zichiri za Mabulosi m'Dimba Lobwereka

Panali munthu wina amene anasiya dimba limodzi ndi ana aamuna awiri. Asanamwalire anakumba ngalande pakati pa dimbalo, nati, "Kumtunda kwa ngalandeyi n'kwa wamkulu, kumunsi n'kwa wamng'ono." Anthu analipo pamene ankanena zimenezi. Mlongo wake wa munthuyo, amene anawo ankamutchula kuti azakhali, ndiye anagwira chingwe powongola ngalandeyo.

Kumtunda kunali kwakukulu ndi kosavuta kulima. Kumunsi kunali kachigawo kakang'ono kotsamira mtsinje, konyowa chaka chonse. Wamng'ono analimako zaka zingapo. Kenaka anayamba kudwala, khasu linamulemera, ndipo nansongole anadzaza malo ake. Pomwalira anasiya mkazi wake, Nasibeko, ndi ana awiri aang'ono.

Nasibeko anali mtengwa, ndiko kuti anachoka kwawo kudzakhala kumudzi kwa mwamuna wake. Atamusudzula pambuyo pa maliro akanatha kubwerera kwawo, koma ana akanatsala, pakuti m'dera limenelo ana ndi a kuchimuna. Anasankha kukhala.

Mkulu wa malemuyo anati, "Kumunsi kuja ndisunga ine mpaka ana akule." Palibe amene anatsutsa, chifukwa kusungira ana amasiye ndi ntchito yoyamikika. Koma nyengo zitadutsa, za kusunga zinasiya kumveka. Anthu anangozolowera kunena kuti dimba lonse ndi la mkuluyo, ngati kuti ngalande ija inakumbidwa ndi madzi a mvula.

Chaka china chimanga chinatha msanga m'nkhokwe ya Nasibeko. Anapita kwa mlamu wakeyo, nagwada m'mbali mwa khonde, mkazi wa mlamuyo ali pomwepo.

"Alamu, ndimati ndilimeko kumunsi kuja. Ana akusowa ndiwo, ine ndilibe chogulitsa."

"Kuli nansongole yekhayekha uko, mlamu. Mukathyoka msana."

"Msanawo ndi wanga, alamu."

Mkuluyo anaseka. "Chabwino, ndakubwerekani. Koma mwambo mukuudziwa. Mpiru, nyemba, matimati, dzalani mmene mungafunire. Mtengo wokha ayi."

"Ndamva."

Nasibeko anadziwa bwino lomwe kuti munthu sabwerekedwa malo a ana ake. Koma m'nyumba munali njala, ndipo wanjala sasankha mawu omupatsira chakudya. Anaomba m'manja, nathokoza.

Mwambo umene mkuluyo anatchulawu suli wopanda nzeru. Mbewu ya nyengo imodzi imatha pamodzi ndi nyengo yake, wobwereka n'kutola khasu lake kumapita. Mtengo sutero. Umakhala, ndipo zaka zikadutsa, amene anaona zobwerekanazo atafa, umatsala ukuchitira umboni amene anaudzala. Motero wodzala mtengo pamalo obwereka ali ngati munthu amene waimirira pagulu n'kunena kuti, "Pano ndi panga." Umenewo ndi mlandu, ndipo umazengedwa.

Nasibeko anayamba kulima. Nansongole sazulidwa ndi masamba. Mizu yake imayenda pansi, yakuthwa ngati singano, ndipo kachidutswa kamodzi kakatsala kamabwezera munda wonse kuthengo. Anakumba, anasefa dothi ndi zala, anaunjika mizuyo padzuwa naitentha. Manyowa a mbuzi anapempha kwa anzake, n'kumawabwezera ndi kuwapalirira. Pofika nyengo yozizira, dothi la kumunsi linali lakuda ndi lofewa, ndipo matimati amene anawokera anagwira onse.

Matimati akakula amafuna zichiri, timitengo tozika pambali pake kuti atsamirepo, apo ayi amagona m'matope n'kuola. Mkuluyo anali ndi tsinde lalikulu la nsungwi kumtunda kwa dimba. Nasibeko anapitanso kukapempha.

"Nsungwizo ndinalonjeza kale oluka madengu," anatero mkuluyo.

Mkazi wa mkuluyo, amene ankatsuka mbale pafupi, anati, "Bwanji osatenga zinyalala zili kuseriko? Dzulo tinasadza mtengo wa mabulosi uja. Sindifuna za chaka chatha ine, mbalame kudya mabulosi n'kumadzandidetsera zovala pachingwe. Tutani zonse, mutithandize kusesa."

Nasibeko anamanga nthambizo m'mitolo, nasenza kupita nazo kudimba.

Tsono munthu amene akufuna kuchulukitsa mabulosi sadikira njere. Amadula nthambi yaiwisi, yokhwima bwino, m'nyengo yozizira pamene mtengo uli chigonere. Amaonetsetsa kuti nthambiyo ili ndi maso, timfundo tija potulukira mphukira. Amazika mbali ya kutsinde pansi, nsonga kumwamba, pakuti yozondoka sigwira. Amatsendera dothi kuti mphepo isalowe, ndipo salola kuti pansi paume. Akatero wamaliza, zotsalazo nthambi imachita yokha.

Nasibeko sanafune kuchulukitsa kanthu. Anasankha nthambi zokhwima chifukwa zanthete zikanapindika. Anasongola mbali yonenepa chifukwa ndiyo yolimba kulowa pansi. Anatsendera ndi chidendene kuti mphepo isagwetse matimati ake, ndipo matimatiwo ankawathirira m'mawa ndi madzulo. Nthambi sifunsa cholinga cha woizika. Inapeza zonse zimene imafuna.

Tsiku lina akumangirira matimati ndi luzi, anaona kuti diso la chichiri china latupa ndipo kansonga kake kabiriwira. Anayang'ana chichiri chotsatira. Chinali chimodzimodzi. Anagwira chimodzi nayesa kuchikoka pang'ono, ndipo chinakana. Pamenepo anatukula maso kuyang'ana kumtunda kwa ngalande, kumene mlamu wake ankathirira kabichi atam'fulatira.

Kuzula sakanatha. Matimati anali atayamba kulemera ndi zipatso zaziwisi, ndipo zichiri zina analibe. Kusiya sakanathanso. Choncho anapeza njira yachitatu. M'mawa uliwonse, asanatole ndowa, ankayenda mzere ndi mzere akubudula mphukira ndi chikhadabo. Mabulosi akavulazidwa amatulutsa utomoni woyera. Unkamata kuchala chake n'kuda pofika masana, moti sunkachoka ngakhale ndi mchenga. Akabudula diso limodzi, lina linkatupa m'munsi mwake. Iye n'kubudulanso.

Mayi wa dimba la tsidya la mtsinje anamuona akuwerama pa chichiri chilichonse.

"Nasibeko, timitengo tanuto tagwa nsabwe kodi?"

"Ndikuona ngati luzi lagwira, amayi."

"Luzi lanulo ndi losakhulupirika zedi, loti m'mawa uliwonse lizifunsidwa ngati lagona bwino."

Anaseka onse awiri. Koma mayiyo anali ndi maso, ndipo sanafunsenso.

Umu ndi mmene Nasibeko anasungira malo ake: pansi mizu ikukula, pamwamba zichiri zikuoneka zouma. Anaganiza kuti akapanda kupatsa munthu chifukwa, palibe amene adzamuchotsa.

Matimati atayamba kufiira m'munsi, mkuluyo anawoloka ngalande kwa nthawi yoyamba. Anayenda m'mizere manja ali kumbuyo. Anawerama, natapa dothi, nalifikisa m'manja mwake. Zichiri sanaziyang'ane n'komwe.

"Mwalikonza dothili, mlamu. Sindinkadziwa kuti kuno kungatere."

"Ndi manyowa, alamu."

"Eya. Ndiye mukathyola matimatiwa mupumule, mwavutika. Nyengo ikubwerayi ndikufuna ndiikepo anyezi. Wogula ndapangana naye kale."

Nasibeko anaika ndowa pansi. "Nanga ana adzadya chiyani?"

"Anawo ndi athu, sangagone ndi njala ine ndilipo. Koma chobwereka chimabwezedwa, mlamu. Kapena kwanu sizitero?"

Sanakalipe. Sanamuneneze kanthu. Analankhula monga mmene munthu amaitanitsira nkhwangwa yake, n'kuwolokanso ngalande.

Madzulo a tsiku lomwelo Nasibeko anapita kwa azakhali aja, amene tsopano ndiwo anali wamkulu pa banjalo. Anawapeza akusankha nyemba pamphasa. Denga la nyumba yawo linali la malata atsopano, ndipo amene anagula malatawo anali mkuluyo. Nasibeko anafotokoza zonse, napempha kuti akuluakulu akhale pansi amve nkhaniyi.

"Akhale pansi pa nkhani yanji?" anafunsa azakhali, maso ali pa nyemba. "Wakumenya?"

"Ayi."

"Wakutukwana? Wakuzulira mbewu?"

"Ayi, azakhali. Koma inu mukudziwa kuti kumunsi kuja n'kwa yani."

"Zimene ndikudziwa ine n'zambiri, mwana wanga, zina zimandisowetsa tulo. Koma bwalo silikhalira zimene nkhalamba ikudziwa. Limakhalira mlandu. Anakubwereka, unavomera pamaso pa mkazi wake, lero akuitanitsa. Wolakwa ndani apa? Akanakhala kuti wina walakwira mnzake, bwenzi tikuyala mphasa. Apa palibe chozenga."

"Ndiye ndingochoka?"

"Upirire. Ukayamba phokoso adzati mtengwa uja ndi wamwano, akubweze kwanu, ana atsale. Ukufuna zimenezo? Tenga nyembazi ukaphikire ana."

Nasibeko analandira nyembazo ndi manja awiri. Pobwerera anali atamvetsa bwino mmene zinthu zinalili. Dimba lobwereka limabwezedwa mwakachetechete. Palibe amene amaitanidwa, palibe amene amafunsidwa. Iye, pokhala mtengwa, analibe mphamvu yoitanitsa bwalo. Mkuluyo yekha ndiye akanatha kuliitanitsa, ndipo akanaliitanitsa pokhapokha atalakwiridwa. Koma bwalo likakhala, woimbidwa mlandu amapatsidwa mpata wolankhula, ngakhale atakhala mlendo.

Anadziwanso mtengo wake wa njira imeneyo. Bwalo likanatha kulamula kuti azule zichiri matimati asanapse. Likanatha kumulipiritsa. Likanatha kuchita zimene azakhali ananena, kumubweza kwawo yekha. Akangokhala chete akanataya dimba, koma ana akanakhala nawo, ali ndi njala yawo. Akalankhula akanatha kupeza dimba, kapena kutaya zonse ziwiri.

M'mawa mwake analowa m'dimba monga mwa masiku onse. Anaika chikhadabo pa mphukira yoyamba. Kenaka anachotsa dzanja lake, natola ndowa, nathira madzi patsinde pa chichiricho.

Nthambi zimene zakhala zikubudulidwa mizu ili kale pansi sizichedwa. Mphukira zinatuluka pa diso lililonse limene linatsala. Masamba a mabulosi ndi aakulu ndi owala, safanana ndi a matimati, ndipo posakhalitsa anakwera pamwamba pa matimatiwo, mzere ndi mzere, moti munthu wodutsa panjira ya kuchigayo ankawaona osafuna.

Mayi wa tsidya uja anawoloka mtsinje, chitenje atakwinyira m'maondo.

"Iwe Nasibeko, wapenga? Budula msanga, eni ake asanaone!"

"Aone, amayi."

"Ukudziwa chimene ukuchita?"

"Ndakhala ndikubudula kuyambira kuzizira kuja. Onani chalachi. Chandipindulira chiyani?"

Mayiyo anayang'ana chala chakudacho, nayang'ana masamba, napukusa mutu. "Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Koma ine usanditchule."

Anthu anayamba kulankhula. Amuna obwerera kumsika ankaima panjira n'kukuwira mkuluyo.

"Achimwene, nkhalango yatsopanoyi ndi yanu? Tidzabwere liti ndi mbale?"

"Ayi, ndi ya alamu awo. Masiku ano atengwa akudzala mitengo eni mudzi akuthirira kabichi."

Mkuluyo anatsikira kumunsi nkhope itachita mdima. Akanatha kuzula zichirizo yekha, koma matimati anali omangiriridwa pamenepo, ndipo wogwetsa mbewu ya mnzake ndiye amakhala wopalamula. Anaima pa ngalande.

"Mlamu, zulani izi lero."

"Sindizula, alamu."

"Mwati chiyani?"

"Ndati sindizula. Ngati ndakulakwirani, kandisumireni."

Mawu amenewa anamveka mpaka kunjira, kumene kunali anthu. Munthu wanzeru akanameza malovu n'kudikira kuti matimati athe, pakuti dimba likanabwerera kwa iye popanda funso. Koma mkuluyo anali atasekedwa pamaso pa amuna anzake, ndipo anali wotsimikiza kuti mwambo uli kumbali yake. Anapita kukasuma.

Akuluakulu anakhalira m'dimba momwemo, pamthunzi wa nsungwi. Ankhoswe a mbali zonse ziwiri anabwera. Azakhali anakhala kumbuyo, atafunda chitenje kumutu ngakhale kunali kutatentha.

Mkuluyo analankhula nthawi yaitali. Ananena za chifundo chake, za ana a mng'ono wake amene amawakonda ngati ake, za chenjezo limene anapereka pakhonde. Pomaliza anapita pa chichiri cha kumapeto, nachikoka ndi manja awiri. Chinatuluka ndi dothi, mizu yachikasu ikulendewera, mtengo wa matimati n'kugwa chafufumimba. Anachitukula kuti onse aone. Anthu anang'ung'udza. Umboni unali wokwanira.

Wozenga mlanduwo anatembenukira kwa Nasibeko. "Mayi, mitengoyi mwadzala ndinu?"

"Poyamba inamera yokha, ine n'kumaipha. Kenaka ndinaileka dala, ndipo ndinaithirira. Ndadzala ndine."

"Mwambo simuudziwa?"

"Ndikuudziwa. Wobwereka sadzala mtengo. Ngati ndili wobwereka, ndalakwa, ndipo ndizula lero lomwe. Ndikungopempha kuti bwalo lindithandize, popeza ine ndine mlendo ndipo zakale za pano sindizidziwa bwino. Ngalande iyi anakumba ndani, ndipo anaikumbiranji?"

"Nkhani ya lero ndi mitengo!" anakuwa mkuluyo. "Za ngalande zachokera kuti?"

"Khalani pansi," anatero wozenga mlandu. "Mtengo suima m'malere. Sitingaweruze za mtengo tisanadziwe mwini nthaka. Mwatiitana ndinu, tilekeni tigwire ntchito imene mwatiitanira." Anayang'ana anthu onse. "Alipo amene anaona ngalandeyi ikukumbidwa?"

Analipo ambiri. Ena anayang'ana kumtsinje, ena anayamba kuchotsa zisoso pa zovala zawo. Koma onse ankadziwa amene anagwira chingwe, ndipo pang'onopang'ono maso anatembenukira kumbuyo.

Azakhali sanali munthu wabodza. Anali munthu wokalamba amene denga lake silinkadonthanso, ndipo anali ataphunzira kusayankha zimene sanafunsidwe. Tsopano anafunsidwa, pamaso pa anthu amene anaona zimene iwo anaona. Anavula chitenje kumutu.

"Chingwe ndinagwira ndine," anatero. "Mlongo wanga anati kumtunda n'kwa wamkulu, kumunsi n'kwa wamng'ono. Ndi zokhazo."

Akuluakulu anapita paokha, nabwerako ndi chigamulo. Kumunsi kwa ngalande n'kwa ana a malemu, ndipo mayi wawo alimeko mpaka iwo adzakule. Mitengo isazulidwe, pakuti ili panthaka ya eni ake. Koma Nasibeko anavomera pakhonde kuti sadzadzala mtengo, kenaka anaphwanya mawu akewo, nayankhanso mlamu wake mwamwano anthu akumva. Pa chifukwa chimenecho alipe nkhuku. Za mkuluyo anati iye anangosunga, ndipo wosunga akaiwala kubweza amakumbutsidwa, salipitsidwa.

Nasibeko anali ndi nkhuku imodzi yoikira. Anaimanga miyendo, napita nayo pakhonde lomwe lija, nagwada. Mkazi wa mkuluyo anailandira. Kuyambira tsiku limenelo a kumtunda kwa ngalande sanamupatsenso moni Nasibeko, ndipo pamaliro ndi paukwati ankamutchula kuti mtengwa wa milandu uja. Iye anabwerera kudimba, nadzutsa mtengo wa matimati umene unagwa, nauzikira chichiri chake pomwe chinali.

Inu amene mwamva fanizoli, musafulumire kunena kuti linatha bwino. Werengani amene analipa. Amene anatenga malo a ana amasiye sanalipe kanthu. Amene ankadziwa zoona, n'kuzisunga m'kamwa zaka zonsezo, sanalipenso kanthu. Analipa ndi yekhayo amene analandidwa, ndipo analipira mpata wofunsa funso limodzi limene mudzi wonse unkadziwa yankho lake.

Sindikunena kuti ndinu mkulu uja. Ambiri a ife sitinalandepo dimba la munthu. Koma ambiri a ife tinagwirapo chingwe. Tikudziwa kuti nyumba yakuti anamanga ndani, kuti ntchito yakuti anagwira ndani, kuti malire akuti ankadutsa pati, ndipo timadzitonthoza ponena kuti palibe amene wadandaula. Pafupi ndi inu pali munthu amene m'mawa uliwonse amabudula mphukira zake kuti asakhumudwitse amene akumudyera. Kukhala chete kwake si umboni wakuti zonse zili bwino. Musadikire kuti achite kupalamula kuti mumumve. Zimene mudzanena bwalo likakukakamizani, kanenani lero, nkhuku yake ikadali m'khola.